Mmene mungalumikizire nokha kompyuta ya patebulo yosasokosa, yosaboola m'thumba

Yatsani kompyuta yakale ya mu ofesi, mutchere khutu pa bokosi lake. Kulira konga kwa chigayo cha kutali kumene mukumvako sikukuchokera mu ubongo wa makinawo. Purosesa (ubongo womwewo), RAM (pamene imagwirizira zimene ikuchita pa nthawiyo) ndi SSD (posungira mafayilo) zimagwira ntchito zili duu. Zosokosa ndi zimene zimazungulira: fani ya pa purosesa, fani ya mu power supply (kabokosi kogawa magetsi ku zida zonse), mafani a pa bokosi, fani ya pa graphics card (chida chopanga zithunzi za pa monita) ngati ilimo, ndi hard disk yachikale ija imene timbale take timazungulira ka 5400 kapena ka 7200 pa mphindi imodzi. Ndiye mukafuna kompyuta yachete, chepetsani zozungulira, ndipo zotsalazo zizizungulira modekha. Ubwino wake, chilichonse chimene mwachotsa pa mndandanda ndi ndalama imene yatsala m'thumba.

Kompyuta imene tilumikize pano ndi ya ntchito za tsiku ndi tsiku: kulemba makalata, kusunga maakaunti a bizinesi mu Excel, kuphunzira pa Zoom, kuonera YouTube, ana kulemberapo homuweki. Wofuna magemu olemera kapena kudula mavidiyo a maukwati tsiku lonse afunika zida zina.

Ngati ndalama zilidi zochepetsetsa, musadzivutitse. Gulani ya kaunjika yochokera m'maofesi akunja, monga Dell OptiPlex, HP ProDesk kapena Lenovo ThinkCentre, muikemo SSD, basi. Mungoonetsetsa kuti purosesa yake ndi Intel ya 8th generation kupita m'tsogolo ngati mukufuna Windows 11. Vuto lake ndi loti zambiri mwa izi zili ndi power supply ndi mapulagi akeake, ndiye chikafa chimodzi mumayenda tauni yonse kusakasaka chofanana nacho. Yolumikiza nokha, chilichonse chimasinthika.

Zoti mugule

Yambani ndi purosesa, chifukwa zina zonse zimatsatira iyo. Sankhani imene ili kale ndi graphics m'kati mwake, kuti musagulenso graphics card. Apo mwapulumutsa ndalama zambiri, mwachotsanso fani imodzi kapena awiri. Ine ndimakonda AMD Ryzen 5 5600G, imene inatuluka mu 2021: ili ndi ma core 6, imawerengeredwa pa 65W, ndipo mukagula ya m'katoni yake imabwera ndi cooler, choziziritsira purosesa, yotchedwa Wraith Stealth. Wokonda Intel atenge Core i3-12100 ya mu 2022. Samalani ndi zilembo za kumapeto. Kwa Intel, yothera ndi F, monga 12100F, ilibe graphics. Kwa AMD ya m'badwo umenewu ndi mosemphana: fufuzani G. Ryzen 5 5600 kapena 5500 yopanda G mukaiika popanda graphics card, monita idzangokhala bii. Kuyambira pano nditsata 5600G.

Motherboard, bolodi lalikulu limene zida zonse zimalumikizidwapo, ikhale ya soketi (pokhala purosesa) ya AM4, ya A520 kapena B550, ya saizi ya microATX. Onani kuti kumbuyo kuli polowetsa HDMI, pamwamba pali malo a M.2 olowetsamo SSD, ndipo pali mapulagi osachepera awiri a mafani a pa bokosi, a timapini 4. Pali msampha umodzi: motherboard imene inakhalitsa m'shopu kuyambira 5600G isanatuluke ikhoza osaizindikira mpaka BIOS yake, kapulogalamu ka mu motherboard kamene kamadzutsa kompyuta, itakonzedwa kukhala yatsopano. Njira yachidule ndi kugula zonse ziwiri malo amodzi n'kuuza wogulitsa kuti aziyese pamaso panu. Ma motherboard otchipa ambiri alibe Wi-Fi. Musadandaule nazo, ka dongle ka USB kamakwana, ndipo ngati intaneti yanu ndi bandulo ya pa foni, waya wotchajira foni womwewo umapereka intaneti ku kompyuta mukatsegula USB tethering.

RAM ikhale DDR4 ya 3200, yokwana 16GB, koma mugule ziwiri za 8GB osati imodzi ya 16GB. Graphics ya m'kati mwa purosesa ilibe nkhokwe yakeyake, imabwereka ku RAM, ndipo RAM ziwiri zili ngati mipope iwiri pa thanki imodzi: ndowa imadzadza msanga. Mitengo ya RAM inakwera kwambiri kumapeto kwa 2025, choncho ngati zavuta yambani ndi ziwiri za 4GB, kapena gulani yogwiritsidwapo kale ntchito. RAM siikutha ngati matayala, ndipo pulogalamu ya MemTest86 ikhoza kukuuzani ngati ili ndi chilema.

Posungira zinthu tengani SSD ya NVMe, ya M.2 2280, ya 500GB kapena 512GB. Nambala ya 2280 ikungotanthauza mamilimita 22 m'lifupi ndi 80 m'litali, kanthu ngati chala. Khalani pa mayina odziwika monga Samsung, Kingston kapena Western Digital. SSD yopanda dzina yolembedwa 2TB pa mtengo wa nsapato za kaunjika, isiyeni pomwepo.

Tsopano power supply. Apa ndi pamene ndimakangana ndi anthu ambiri, chifukwa ndi pamene aliyense amafuna kudulira. Mabokosi otchipa amabwera ndi power supply ya "ulere" m'kati, yolembedwa manambala akuluakulu pa sitika, koma mukainyamula imapepuka ngati chitini chopanda kanthu. Ndinagulapo yotere pa shopu ina, ndikudziona wochenjera. Fani yake inayamba kulira ngati njinga yopanda girizi mwezi woyamba womwe, ndipo tsiku lina magetsi atabwerera ndinangomva fungo la pulasitiki wopserera. Inapita, n'kutengana ndi motherboard. Kompyuta yathuyi siidya magetsi ambiri, ya 400W kapena 450W ndi yokwanira n'kutsalako. Chofunika ndi choti ikhale ndi chizindikiro cha 80 Plus Bronze, fani yaikulu ya 120mm, ndi dzina ngati Seasonic, Corsair, Cooler Master kapena be quiet! Ndipo ngati mwatumiziridwa yakale kuchokera ku America yokhala ndi kaswitchi kofiira kumbuyo, kaikeni pa 230 musanailowetse pakhoma, chifukwa magetsi a kuno ndi a 230V. Pa 115 imaphulika nthawi yomweyo.

Bokosi, limene a m'mashopu amati casing, musalisankhe ndi maso a mwana. Galasi ndi timagetsi tamitundumitundu sizichotsa kutentha. Funani lolandira fani ya 120mm kumbuyo ndi ina kutsogolo, lokhala ndi kasefa ka fumbi kochotseka. Fani yaing'ono ya 80mm imayenera kuthamanga kwambiri kuti ikankhe mpweya wokwanira, n'chifukwa chake imalira ngati udzudzu. Yaikulu imakankha mpweya womwewo ikuyenda mwaulesi. Mafani awiri a 120mm a timapini 4, olembedwa PWM, amene liwiro lawo limawongoleredwa ndi motherboard, ndi okwana. Arctic P12 PWM ndi yotchipa ndiponso yachete. Noctua ndi yabwino koposa, koma mtengo wake si wa nkhani ino.

Kukonzekera

Mufunika sikuludiraiva ya star, ina yaing'ono ya kasikuluwu ka SSD, timapulasitiki tomangira mawaya, ndi kambale kosungiramo masikuluwu. Gwirani ntchito pa tebulo lathabwa, osati pa bedi kapena pa kapeti, ndipo muzikhudza kaye chitsulo cha bokosi musanagwire chida chilichonse. M'miyezi youma ija, pamene bulangete limathetheka usiku, magetsi a m'thupi amakhala ambiri ndipo akhoza kuwononga RAM inu osamva kanthu. Kabuku ka motherboard kakhale pambali panu kali kotsegula. Mudzakafuna posachedwa.

Yambani panja pa bokosi

Ikani motherboard pamwamba pa katoni yake yomwe. Zinthu zinayi zoyamba ndi zosavuta kuika ili panja.

Purosesa ndiye choyamba, ndipo mphindi imeneyi ndi yofunika kupuma kaye. Ya AM4 ili ndi timapini tambirimbiri topyapyala kunsi kwake, ndipo kamodzi kakapindika mwalowa m'mavuto. Igwireni m'mphepete. Tukulani kandodo kachitsulo ka pambali pa soketi mpaka kaime chilili. Pa ngodya imodzi ya purosesa pali kachizindikiro ka golide ka makona atatu, pa ngodya imodzi ya soketi palinso kotero. Ziyang'anizane, kenako itsitseni mofatsa. Imalowa yokha ndi kulemera kwake. Ikakana, musaikanikize ngakhale pang'ono, itukuleni muonenso zizindikiro zija. Ikakhazikika bwino, tsitsani kandodo kaja mpaka kakole. Amene mwatenga Intel dziwani kuti kwanuko timapini tili mu soketi, ndiye chala chisakhudzemo.

RAM ili ndi kampata pansi pake, osati pakati penipeni, kotero imalowa mbali imodzi yokha. Tsegulani timakoleko ta kumapeto, yang'anizani kampatako, kanikizani mbali zonse ziwiri mpaka mumve kuti "kha". Iyi imafuna mphamvu kuposa mmene mukuganizira. Ngati motherboard ili ndi mipata 4, nthawi zambiri RAM ziwiri zimalowa wachiwiri ndi wachinayi kuchokera ku purosesa, yolembedwa A2 ndi B2, koma tsimikizani m'kabuku.

SSD ilowetseni mopendekeka pang'ono mu M.2, igonekeni, muimange ndi kasikuluwu kake. Kasikuluwu kameneka kamabwera ndi motherboard, ndipo kakagwa pansi mudzakwawa.

Cooler ya Wraith Stealth imamangidwa pa chitsulo cha kunsi kwa motherboard. Masulani masikuluwu 4 amene agwira timapulasitiki tiwiri ta m'mbali mwa soketi, chotsani timapulasitikito, koma chitsulo cha kunsi chisiyeni. Kunsi kwa cooler kuli kale phala lotuwa lija amati thermal paste. Musalikhudze, musaonjezerenso lina. Ikhazikeni pa purosesa, mbali yotulukira yolembedwa AMD iloze kutali ndi RAM kuti isatseke mpata. Mangani masikuluwu mopingasa, pang'ono apa, pang'ono pa ngodya ya kutsidya, kuzungulira choncho mpaka onse alimbe. Mukamanga mmodzi mpaka kumapeto, cooler imapendekeka, kutentha sikuchoka bwino, ndipo fani imadzathamanga moyo wake wonse kulipira kulakwa kwanu. Waya wake ulowe pa CPU_FAN. Tsiku limene mudzafune kuichotsa, muyambe mwaiyatsa kompyuta kuti phala lifewe, n'kupotoza cooler pang'ono musanakoke, apo ayi purosesa imatuluka mu soketi itamatirira kunsi kwake.

Kulowetsa m'bokosi

M'katoni ya motherboard muli kachitsulo kopyapyala kokhala ndi mabowo a USB ndi HDMI. Kaikeni koyamba kumbuyo kwa bokosi, kukankha kuchokera m'kati. Ambiri tinakaiwalapo, n'kudzamasula zonse pamapeto. M'mphepete mwake ndi mokuthwa, kamatema.

Onani timiyendo ta mkuwa timene motherboard imakhalapo. Kalikonse kakhale pansi pa bowo la motherboard, ndipo kamene kalibe bowo kachotseni, chifukwa kakakhudza kunsi kwa motherboard kamachititsa shoti. Igonekeni, muimange mongokwana, osati ngati mukumanga tayala la galimoto.

Mangani power supply pamalo pake. Ngati malowo ali pansi ndipo pali mabowo a mpweya ndi sefa, fani yake iyang'ane pansi. Mawaya ofunika ndi awiri okha: wamkulu wa timapini 24 kumbali ya motherboard, ndi wa timapini 8 wolembedwa CPU, umene umalowa pamwamba pafupi ndi purosesa. Pali wina wofanana nawo wolembedwa PCIe, ndi wa graphics card, musaukakamize pamenepo. Otsala onse apindeni, muwamange kuseri.

Timawaya ta kutsogolo kwa bokosi ndi timene timatopetsa maso. POWER SW ndi RESET SW tikhoza kulowa mbali iliyonse. Ta magetsi owala, POWER LED ndi HDD LED, tili ndi + ndi -, ndipo mukatembenuza sitiwala, koma palibe chimapsa. Chithunzi cha m'kabuku chikusonyezani pa timapini pake. Kenako lowetsani HD AUDIO ndi waya wonenepa wa USB 3.0, womwe timapini take timapindika msanga, ndiye uwongoleni bwino musanakankhe.

Fani ya kutsogolo ilowetse mpweya, ya kumbuyo itulutse. Mpweya umatulukira mbali imene kuli timitanda togwira injini ya fani, ndipo mafani ambiri ali ndi kamuvi pambali. Alumikizeni pa motherboard, pa SYS_FAN kapena CHA_FAN. Mukawalumikiza molunjika ku power supply adzathamanga liwiro lonse usana ndi usiku, ndipo ntchito yonse ija yapita pachabe.

Kuyatsa koyamba

Musatseke kaye chitseko cha pambali. Lumikizani monita pa HDMI, kiyibodi, mausi ndi waya wa magetsi, tsegulani switchi ya kumbuyo kwa power supply, dinani batani. Ulendo woyamba ikhoza kutenga kanthawi, mwina kuzima n'kudziyatsanso yokha. Ipatseni mphindi imodzi kapena ziwiri. Ngati palibe chilichonse chikuzungulira, onani switchi ija ndi POWER SW. Ngati mafani akuzungulira koma monita ili bii, kawirikawiri ndi RAM imene sinalowe mpaka pansi, kapena waya wa CPU wa timapini 8 umene mwaiwala. Zimitsani, zulani pakhoma, konzani, yesaninso.

Zikaoneka zolemba, dinani Del kapena F2 kuti mulowe mu BIOS.

Apa ndi pamene bata limapangidwa

Anthu ambiri amadumpha gawo ili n'kumadabwa kuti zida zabwino zikusokosabe. Choyamba onani ngati RAM yonse ndi SSD zikuoneka. Tsegulani XMP, imene ASUS amailemba DOCP, kuti RAM ithamange pa 3200 yake. Onaninso kuti fTPM ndi yotsegula, chifukwa Windows 11 imafuna TPM 2.0.

Kenako pitani ku mafani. ASUS amati Q-Fan, Gigabyte ndi MSI amati Smart Fan, ASRock amati FAN-Tastic Tuning, koma zonse ndi mzere umodzimodzi wosonyeza liwiro la fani pa kutentha kulikonse. Ikani fani iliyonse ya timapini 4 pa PWM, ya timapini 3 pa DC. Ine ndimayamba motere: pafupifupi 30% mpaka madigiri 50, kukwera pang'onopang'ono kufika 60% pa madigiri 70, ndi 100% pa madigiri 85. Malire a 5600G ndi madigiri 95, ndiye musachite mantha mukaona 60 kapena 70 ikugwira ntchito. Purosesa yofunda pang'ono si yodwala. Mukaikakamiza kukhala pa 40 nthawi zonse, makutu anu ndi amene alipire.

Chimene chimasowetsa mtendere kwambiri si kulira kokhazikika, koma fani yongoti vuu n'kuleka, vuu n'kuleka, nthawi iliyonse mukatsegula tsamba. Ngati BIOS yanu ili ndi step up time ndi step down time, onjezerani kuti fani isamadzidzimuke ndi kutentha kwa kamphindi. Ma motherboard ena amalolanso kutsitsa purosesa pa 45W. Polemba makalata ndi kuonera mavidiyo simudzaona kusiyana, koma kutentha kumatsika.

Mzere umene mwaika mu June ku Dedza kapena ku Mzuzu sungakwane mu October ku Chikwawa kapena ku Mangochi. Kukatentha, tsegulani pulogalamu ya HWiNFO muone manambala kompyuta ikugwira ntchito yolemera. Akamafika cha m'ma 85, kwezani mzere pang'ono.

Musanatuluke mu BIOS, pezani polembedwa Restore on AC Power Loss kapena AC Back, muike pa Power Off, kuti magetsi akabwerera kompyuta isamadziyatse yokha pa nthawi imene akadali osakhazikika. Sungani ndi F10.

Windows kapena Linux

Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, ndiye pa kompyuta yatsopano ikani Windows 11. Mufunika fulashi ya 8GB ndi Media Creation Tool ya Microsoft, pulogalamu yoikira Windows pa fulashiyo muli pa kompyuta ina, ndipo mukonze bandulo chifukwa ndi zopitirira 5GB, komanso poiika imafuna intaneti. Laisensi yake ndi yogula. Ngati simukufuna kulipira, Linux Mint ndi yaulere, ndi ya pafupifupi 3GB, imabwera ndi Firefox ndi LibreOffice yolembera makalata ndi kuwerengera, ndipo mukhoza kuiyesa pa fulashi musanaiike. Windows yothyoledwa ya pa fulashi ya mnzanu ipeweni. Ina imabwera ndi mapulogalamu obisika amene amagwiritsa ntchito purosesa yanu mwakabisira, ndiye mumangodabwa fani ikuthamanga inu simukuchita kanthu.

Magetsi, fumbi ndi pokhala pake

Kuzima kwa magetsi kumakutayitsani ntchito imene simunasunge, koma chimene chimapha zida ndi kubwerera kwake. Osachepera, gulani surge protector yeniyeni, yoteteza zida magetsi akabwera mwamphamvu, osati adaputala wamba ya mabowo ambiri. Ngati mungathe, UPS (kabokosi kokhala ndi batire) ya 650VA imakupatsani mphindi zingapo zosungira ntchito n'kuzimitsa bwino. Imalira "pii pii" magetsi akazima, ndipo phokoso limenelo lokha ndimalilola. M'dzinja, ziphaliwali zikayamba, zulani pakhoma.

Musaiike pansi pa simenti pamene tsache limadutsa m'mawa uliwonse, kapena m'kabati yotseka. Ikhale pa tebulo kapena pa kampando, kumbuyo kwake kutsale mpata ngati chikhatho. Kansalu kokongola kovundikira kaja n'kabwino ikazima, koma kachotseni musanayatse. Musadyerenso pafupi nayo, mphemvu zimakonda malo ofunda.

Miyezi itatu iliyonse, ndipo kawirikawiri m'nyengo ya fumbi ya August mpaka October, zulani pakhoma, tulukani nayo panja, chapani sefa n'kuiumitsa bwino, ndipo uzirani m'kati ndi blower. Gwirani fani ndi chala pouzira kuti isazungulire mopitirira. Power supply muiuzire kunja kokha, musaitsegule, chifukwa m'kati mwake mumatsala magetsi oopsa ngakhale mwaizula.

Ngati mwachita zonsezi koma pali kaphokoso kotsalira, kasakeni chimodzichimodzi. Chitseko cha pambali chili chotsegula, imitsani fani ya pa bokosi kamphindi pokhudza pakati pake ndi chala, mumvetsere, muisiye, mupite pa ina. Mu fani ya mu power supply musapisemo kanthu. Kulira kwa "tetete" nthawi zambiri ndi waya amene akukhudza mapiko a fani, ingomumangani. Kunjenjemera kwa "ngrrr" kumene kumasiya mukagwira bokosi ndi sikuluwu yomasuka kapena chitseko chosakhala bwino, ndipo timphira todula ku chubu chakale cha njinga pansi pa miyendo ya bokosi timathetsa kumene kukuchokera pa tebulo.